Kadzidzi wa kwa a Belita

Chiyambire chaka chimene namondwe wa Freddy anagumula phiri, mtima wa Lenia sunakhalenso pansi. Mtambo ukada cha ku Mulanje, iye ankasiya chilichonse n'kuima pabwalo kuuyang'anitsitsa ngati munthu amene anayambana naye. Mwana wake Praise akagona masana, ankamuika chala pamphuno kuti amve ngati akupuma. Mwamuna wake Elton, wa kabaza, ankamunyogodola kuti iye sanakwatire mkazi koma mlonda wopanda tchuthi.

Ndiye pamene anthu a bungwe lina loona za chilengedwe anafika kutchalitchi kwawo ku Jenala kudzafuna munthu wodziwa kulemba woti aziwerenga mbalame m'dzinja, amayi anzake anayamba kumugunda ndi zigongono. Ati ntchito yoyang'ana yapeza mwini wake, ndipo Fomu 4 yake ija ipezeko pogwira.

Ntchitoyo sinali yovuta. Kamodzi pamwezi, mame asanaume, ankayambira pamjigo, kudutsa m'dambo, kukathera pachigayo chakale chimene chinafa kalekale, akulemba mtundu wa mbalame, kuchuluka kwake ndi malo amene waiona. Akatha ankajambula pepalalo ndi foni ya Elton n'kulitumiza kwa Madalo, mtsikana wa ku Blantyre amene ankasonkhanitsa mapepala a anthu onse. Madalo anali atawatsindika kuti asamasankhe. Yokongola, yonyansa, yodyedwa, yosadyedwa, zonse zilembedwe.

Mwezi wa Disembala unamukomera. Anamzeze anali atandanda pa nthambo zamagetsi zakufa zopita kuchigayo. Akakowa ankalondola ng'ombe m'dambo ngati ali ndi mlandu nazo. Atchete ankakangana pa bango, apumbwa ali jowejowe m'mitengo ya mango, ndipo kabawi ankazungulira pamwamba pa mudzi kufuna anapiye. Nantchengwa anamupeza ali chiimire m'madzi, osamulabadira n'komwe. Pobwerera Lenia anazindikira kuti m'mawa wonsewo anayang'ana kumwamba osaopa kanthu. Zimenezi zinali zisanamuchitikire kwa nthawi yaitali.

M'dambo simolowa ndi mwana, choncho Praise ankamusiya kwa a Belita. A Belita sanali a m'mudzimo. Kwawo kunali m'munsi mwa phiri, kumene napolo anatenga amuna awo, ana awo awiri, nyumba ndi munda womwe, n'kusiya miyala yaikulu ngati nkhokwe pamene panali mudzi. Atatuluka kumsasa wa anthu othawa madzi, malume ake a Lenia, a Thomson, amene ndiwo mwini mbumba, anawaloza kamalo kuseri kwa chigayo. Pamenepo anamanga kanyumba kotsamira khoma la chigayocho, nadzala nandolo ndi chinangwa. Sankalankhula zambiri, ndipo akalankhula Chichewa chawo chinkatsetserekera ku Chilomwe. Koma Praise ankawakonda. Akangowaona ankatambasula manja, iwo n'kumuponya kumsana, n'kumupatsa kachidutswa ka makaka, chinangwa chouma, kuti azitafuna.

Mu Januwale, Lenia atafika kudzatenga mwana, miyendo ili matope okhaokha, a Belita anasuzumira pepala lija ngakhale sankadziwa kuwerenga.

“Make Praise, mwatha zonse?”

Lenia anati watha.

“Ilipo ina simunailembe. Tiyeni.”

Anatsogola, mwana ali kumsana, n'kukankha chitseko cha chigayo. M'katimo munkanunkha dzimbiri ndi gaga wakale. Pansi panali timibulu takuda ta ubweya ndi timafupa. A Belita analoza m'denga ndi mlomo. Pamtanda, pakona pamene malata anapindika, panali nkhope yoyera ngati mbale ya dothi, maso akuda bii. Pambali pake panali tiana tiwiri tokhala ngati thonje losapota.

Lenia anayamba kubwerera m'mbuyo. Nkhope ija inatembenuka pang'onopang'ono, n'kuyang'ana iye, n'kuyang'ana mwana.

A Belita anamuuza kuti chibwerere mbalameyo, makoswe anasiya kuwadyera makaka. Ataona kuti Lenia wabwerera m'mbuyo mpaka pakhomo, anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano.

“Ine zoopsa ndinaziona kale, mwanawe. Sizinabwere ndi mapiko.”

Ali panja, Lenia anagwira cholembera nthawi yaitali. Kusukulu anaphunzira kuti kadzidzi ndi mbalame basi, imadya mbewa, imaona mumdima. Koma anakuliranso m'nyumba ya mayi ake a Fainess, mmene kadzidzi akalira padenga ankaponya chikuni chamoto panja n'kuyamba kupemphera. Potsiriza anakumbukira mawu a Madalo aja, n'kulemba: kadzidzi, wamkulu mmodzi, ana awiri. Pa mzere wa malo akanatha kulemba kuti m'chigayo chakale. Koma kwawoko malo satchulidwa choncho. Malo ndi munthu. Akakowa anawalemba kuti kudimba kwa a Fanny, apumbwa kwa a Thomson. Dzanja linangoyenda lokha: kwa a Belita.

Mawa lake foni inali ndi Elton pa siteji ya kabaza. Unafika uthenga wa mawu wochokera kwa Madalo. Elton atamva dzina la mkazi wake likutchulidwa ndi munthu wa m'tauni, anakweza mawu a foni mpaka kumapeto kuti anzake amve kuti m'nyumba mwake muli sukulu. Panali anyamata a kabaza, panali amayi ogulitsa tomato, panali ndi ena ongodikira mvula kuti ikate.

“Lenia, mwatisangalatsa kwambiri. Kadzidzi ndi ana ake omwe, palibenso wina watipezera zimenezi. Mukawathokoze a Belitawo, akutiwetera bwino mbalame yathu. Apitirize kuweta, asaithamangitse.”

Madalo ankanena ngati za nkhunda kapena abakha. Koma ku Jenala munthu amaweta mbuzi, amaweta nkhuku. Akati wakuti akuweta kadzidzi, kapena fisi, tanthauzo lake ndi limodzi lokha, ndipo ngakhale mwana amalidziwa. Pa siteji anthu anayang'anana. Kenako wina anapempha kuti aubwereze, ndipo Elton, mutu utaima, anaubwereza.

Dzuwa lisanapendeke nkhani inali itafika pamjigo. Sinalinso ya mbalame. Anthu anayamba kukumbukira zinthu. Wina anakumbukira kuti mbuzi yake inapoloza itadya masamba a nandolo wa a Belita. Wina anafunsa kuti zinatheka bwanji kuti mudzi wonse upite ndi madzi, munthu mmodzi n'kutsala wopanda ndi bala lomwe. Ndipo chimene chinkapatsa nkhaniyo miyendo n'chakuti sinachokere kwa munthu wamiseche. Inalembedwa papepala ndi mwana wophunzira, n'kuvomerezedwa ndi a bungwe.

Lenia anayesa. Pamjigo anafotokoza kuti mbalameyo ili m'chigayo, osati m'nyumba mwa a Belita, ndipo kuti dzinalo analilemba ngati chizindikiro cha malo chabe. Amayiwo anangomumvera, wina n'kumufunsa mwaulemu kuti nanga anamuonetsa ndani. Lenia anasenza ndowa yake n'kubwerera kunyumba. Anatumiza uthenga kwa Madalo kumuuza zimene mawu ake achita. Madalo anapepesa kwambiri, natumiza uthenga wina wautali wonena za ubwino wa akadzidzi m'minda, nalonjeza kubwera msewu ukauma. Uthenga wachiwiriwo Elton anauika pa siteji, koma palibe anaumvera mpaka kumapeto. Nkhuyu zodya mwana zinali zitayamba kale kupota wamkulu.

A Fainess anamuletsa Lenia kupitanso ndi mwana kuseri kwa chigayo. Lenia anati sangamvere zimenezo. Komabe masiku anapita osapondako. Tsiku lina kunali mvula, lina kunali zochapa, lina anangofika pamphambano n'kukhotera kwina. Akamatunga madzi ankawaona a Belita ataima patali ndi ndowa yawo, kudikira kuti onse achoke.

Kumayambiriro kwa Febuluwale Praise anadzuka thupi lili moto. Pofika masana, Lenia akumupukuta ndi nsalu yonyowa, mwana anauma gwa, maso n'kutembenuka, timanja n'kuyamba kugwedezeka. Lenia sanadziwe kuti anafika bwanji panjinga. Anangozindikira kuti Elton akupalasa m'matope ataimirira, iye ali pambuyo atamukumbatira mwana, akumuitana dzina.

Kuchipatala anamubaya pachala n'kunena kuti ndi malungo, ndipo anamugoneka. Lenia sanadabwe. Inali nyengo yake, wodi yonse inali ana a malungo okhaokha, ena awiriawiri pabedi. Ankadziwanso kuti neti yawo inali ndi chiboo cha kumiyendo chimene ankangoti asoka mawa. Zonsezi ankazidziwa bwinobwino. Koma akatseka maso ankaona nkhope yoyera ija ikutembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana mwana. Ankaithamangitsa, iyo n'kubwerera.

A Fainess anabwera ndi phala m'kontena. Anakhala pamphepete pa bedi, namuyang'ana mdzukulu wawo ali ndi diripi padzanja.

“Lenia, undiuze zoona. Tsiku lija, mwanayu analowa nawo m'chigayomo?”

“Eya, amayi.”

“Ali kumsana kwa ndani?”

“Kwa a Belita.”

Zinali zoona. Panali zina zoti awonjezere, za neti, za magazi amene anayezedwa, za ana ena onse m'wodimo amene sanaonepo chigayo cha ku Jenala. Anatsegula pakamwa kuti anene. Koma mwana anabuula, Lenia anawerama kumukonza nsalu, ndipo ataweramuka mayi ake anali akutseka kontena.

Praise anachira. Pobwerera kumudzi, asanafike n'komwe pakhomo, Lenia anamva fungo la tayala lopsa. Elton anamuuza akuyang'ana kumbali. A Thomson ndi amuna ena analowa m'chigayo dzana lake masana, nayatsa tayala lakutha ndi tsabola wouma. Kadzidzi wamkulu uja anatulukira pamalata opindika, akhwangwala n'kumuthamangitsa mpaka kudambo. Tiana tija tinagwa pansi, ndipo anatimaliza ndi makasu. A Belita sanakhudzidwe ndi munthu. Anangouzidwa kuti malo aja mbumba ikuwafuna, ayambe kuganiza kolowera.

Lenia anapita kwa malume ake tsiku lomwelo. Anagwada patali, nawaonetsa buku la kuchipatala pamene panalembedwa za malungo. A Thomson analiyang'ana mwachifatse, nalibweza. Anati iwo sakutsutsana ndi dokotala, malungo ndi malungo, koma udzudzu uli m'nyumba iliyonse, nanga bwanji unasankha mwana amene analowa m'chigayo. Anatinso iwo sanathamangitse munthu, ndipo mlendo akafuna kukhala mpaka akolole nandolo wake palibe angamuletse. Kenako anamukumbutsa, mosakweza mawu, kuti amene analemba dzinalo si iwo.

Mawa lake dzuwa lili paliwombo, nthawi imene amayi amakhala m'makonde kusankha ndiwo, Lenia anabereka Praise n'kudutsa pakati pa mudzi. Sanadzere njira ya kuseri. Ankamva maso akumutsata. Sankadziwa ngati akuopa anthuwo kapena kumene akupitako.

A Belita anali pakhonde, akumanga miphika iwiri m'chitenje. Khoma la chigayo linali lakuda ndi mwaye. Praise atawaona anayamba kudumphadumpha kumsana, manja ali patsogolo. Lenia anamasula nsalu, namunyamula mwanayo ndi manja awiri, namupereka, poyera, kuti aliyense woyang'ana aone.

A Belita anapinda manja awo pachifuwa.

“Mulandireni, amayi. Wakusowani.”

“Ayi, make Praise.”

“Ine sindikhulupirira zimene akunenazo.”

A Belita anamuyang'ana kumaso nthawi yaitali, mpaka Lenia anagwetsa maso.

“Kaya mukhulupirira, kaya simukhulupirira, mwana ndi mwana. Mawa adzatsegula m'mimba, mkuja adzagwa pamwala. Ndikamugwira lero, zonsezo zidzakhala zanga. Mubwezereni kumsana.”

Praise anayamba kulira, akukankha chifuwa cha mayi ake kuti atsike. A Belita anatembenukira ku miphika yawo. Lenia anayamba kupepesa, mawu akugundana, za mzere wa malo, za Madalo, za zimene sananene kuchipatala. Anati adzapita kwa abusa, adzaima m'tchalitchi n'kufotokoza zonse, angodikira pang'ono mpaka nandolo ache. A Belita anamusiya kuti amalize. Kenako anati pepala silinalakwe, linanena zimene linaona, ndipo amene anatsegula chitseko cha chigayo ndi iwo eni. Anati ku Chiwalo kuli mlongo wa malemu amuna awo, mwina awapatsa pogona. Za nandolo anati Lenia adzathyole, asaume pachabe.

“Kuphiri madzi anandichotsa ndili m'tulo,” anatero akumanga mfundo yomaliza. “Kuno ndichoke ndikuona.”

Anyamata a pa siteji onse anali ndi zifukwa zokanira kuwanyamula a Belita. Wina tayala linali lophwa, wina anali ndi kasitomala kale. Amene anawanyamula ndi Elton, amene chichitikire nkhani ya foni ija anali atasiya nthabwala zake. Lenia anaima pamphambano ndi mwana, kuyang'ana njinga ikuzemba zithaphwi, a Belita atakhala chammbali, mtolo uli pamiyendo. Sanacheuke.

Pepala la Febuluwale silinapite. Madalo anafunsa kawiri, Lenia osayankha. Mu Malichi Madalo analembanso, kunena kuti ndi mwezi wotsiriza wa dzinja, ndipo akatha apa sadzamuvutitsanso. Lenia anatenga cholembera chifukwa kukhala m'nyumba kunkamulemera kuposa kuyenda. Praise anamusiya kwa agogo ake.

Dambo linali litadzaza. Anamzeze anali ochuluka kuposa kale pa nthambo zija, ali piringupiringu ngati anthu odikira basi. Atchete anali atatulutsa ana. Nantchengwa anali pamalo ake omwe aja. Analemba zonse, koma mtendere wa mu Disembala uja sunabwere. Pachigayo anangosuzumira pakhomo. Munalibe kanthu, fungo la tayala lokha. Kanyumba ka kuseri kanali katayamba kale kugumuka mbali imodzi, ndipo mbuzi zinali m'nandolo.

Pobwerera anadzera kunyumba yawo yatsopano, ya njerwa zootcha, imene Elton anafolera malata chaka chatha koma n'kulephera kuika mazenera ndi zitseko. Ankafuna aone ngati mvula yalowa. Atangoponda m'chipinda chimene ankati chidzakhala cha Praise, anamva kanthu kakuphwanyika pansi pa phazi. Kanali kambulu kakuda ka ubweya ndi timafupa. Panali tina tambiri m'mbali mwa khoma.

Sanafune kukweza maso, koma anakweza. Inali pamtanda, pakona, nkhope yoyera ija, nthenga za phiko limodzi zitawauka kunsonga. Inamuyang'ana osaphethira.

Anatuluka chambuyo n'kukhala pa mulu wa njerwa. Akanatha kusesa timibulu tija, osauza munthu. Akanatha kuuza Elton kuti abwere ndi tayala mwakachetechete. Anaganiza za a Belita ku Chiwalo, pakhomo pa eni, kumene mwina nkhani inawatsogolera kale, chifukwa anyamata a kabaza amafika kulikonse. Pepala silikanawabweza. Zimenezo ankazidziwa.

Anaika pepalalo pabondo n'kulemba: kadzidzi, mmodzi. Pa mzere wa malo analemba kuti kwa Lenia.

Elton atabwera kudzadya masana, anamupatsa pepalalo kuti alijambule. Iye analiwerenga, nafika pamzere wotsiriza, nayang'ana cha kunyumba yatsopano, nayang'ananso mkazi wake. Anafunsa ngati akudziwa chimene akuchita, ngati waganizira za mwana, za mayi ake, za iyeyo pa siteji.

“Tumizani, bambo a Praise,” anatero Lenia. “Ndipo Madalo akayankha, mukakweze mawu ngati tsiku lija.”

Elton anagwira foni nthawi yaitali asanadine. Itangolira kusonyeza kuti chithunzi chapita, Lenia anadzuka n'kulowa m'nyumba mmene Praise anali atagona pamphasa. Anagwada, namugwira pamphumi. Panali pozizira bwino. Anachotsa dzanja, nadikira pang'ono, n'kumugwiranso.